Chifuwa cha Mafinya ndi Nyumba ya Kumayadi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa choti sindinasanze. Dziko linali litangolandira ufulu, mkuwa ukuyenda malonda, azungu ena akumanga katundu pomwe ena akungofika kumene. Ife tinkakhala ku Wusakile, komboni ya ku Kitwe, m'nyumba ya mgodi. Atate, a Zulu, anachoka kum'mawa, ku Fort Jameson, ine ndisanabadwe, ndipo ankagwira ntchito pansi pa mgodi, yokokola miyala ikaphulitsidwa. Ine ndinali nditamaliza Sitandade Sikisi, ndikungochapa maovolosi awo pakhomo.

Bambo wina woimba kwaya ndi Amama kutchalitchi ankagwira ntchito ya odala, yothandiza manesi, kuchipatala cha mgodi. Iyeyo ndiye anati ku wodi ya chifuwa ya azimayi kukufunika mtsikana wothandiza. "Koma akhale wolimba m'mimba," anatero. "Ena athawa kale."

Amene anandilandira anali Misisi Grant, mzungu wamtali wa manja ngati a mwamuna. Sanali nesi, sanalinso dokotala. Ntchito yake inali yothandiza odwala ndi manja, ndipo tinkamutchula kuti Sisita wa fizio. Sanandifunse za sukulu. Anangotenga kapu ya chitsulo pansi pa bedi lina, anatsegula chivindikiro, n'kundiika pamphuno. Munali makhololo obiriwira, ochuluka, onunkha ngati nyama yoiwalika m'thumba. Misozi inalengeza, koma ndinameza malovu n'kuima nji.

"Dzina?" anafunsa.

"Filomena."

"Ubwere mawa seveni koloko, Filomena. Uwenge zikhadabo."

Matenda amene ndinalembedwera ntchito madokotala ankawatchula bronchiectasis, dzina limene lilime langa linakana kwa nthawi yaitali. Ife antchito tinkangoti chifuwa cha mafinya. Misisi Grant anandifotokozera ataika chithunzi cha ekiselo pawindo. M'mapapo muli njira za mpweya zogawikana ngati nthambi za mtengo, zomka ziwonda kunsonga. Mwa munthu wodwala matendawa, nthambi zina zimafutukuka ngati sokosi yakale yotha mphira, ndipo zikatero sizibwereranso. Makhololo amadikha mmenemo, amaola, amasanduka mafinya, mafinyawo n'kuwononganso njira zoyandikana nazo. Ambiri zinawayamba ali ana: chikuku, chifuwa chokoka mtima, kapena chibayo chimene sichinachizidwe bwino. Ena TB inachira n'kuwasiyira zipsera. Munthu amadzuka m'mawa uliwonse n'kutsokomola mpaka kapu kudzaza, amatentha thupi kawirikawiri, amaonda, nsonga za zala zimatupa ngati mitu ya machesi, nthawi zina amalavula magazi.

Koma si TB, ndipo sichipatsirana. Mukhoza kudyera naye mbale imodzi, kugona naye bulangeti limodzi moyo wonse. Mawu amenewa ndawanena kambirimbiri m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chingerezi mpaka pakamwa kuuma, anthu akungondiyang'ana ngati ndikuwanamiza.

Kuchiziratu kunalibe, kupatula ochepa amene mbali imodzi yokha ya phapo inali itaonongeka, omwe ankatumizidwa kukadulidwa mbaliyo. Ena onse thandizo lawo linali jakisoni wa penisilini thupi likatentha, ndi kutulutsa mafinyawo tsiku ndi tsiku asanaole. Apa m'pamene panali ntchito yanga.

Tinkayamba m'mawa odwala asanadye, n'kudzabwerezanso madzulo. Tinkanyamula bedi kumiyendo n'kuikako mabuloko a matabwa, kuti mutu ukhale pansi, chiuno pamwamba, mafinya atsetserekere kukhosi. Wodwala amagona chammbali kapena chafufumimba, malinga ndi mbali imene dokotala wanena. Umayala thaulo pansana. Kenako umapinda manja ngati ukufuna kutunga madzi, n'kuyamba kuomba panthiti, dzanja ili, dzanja ilo, mofulumira koma mosalimbitsa mkono. Likamamveka "phu phu phu" ndiye kuti zili bwino. Likamveka "pha pha" ngati khofi la patsaya, ukumupweteka munthu. Suomba pafupa la msana, suomba paimpso, suomba pamabere. Ukatha, umamuuza akoke mpweya wambiri, ndipo akamautulutsa umagwira nthiti ndi manja onse n'kuzigwedeza. Kenako atsokomole, iwe kapu ili kale pakamwa pake.

"Ukaona magazi, manja m'mwamba, itana ine," Misisi Grant anandiuza tsiku loyamba. Lamulo lake lina linali lakuti wodwala asatuluke wachibale wake asanabwere kudzaphunzira kuomba, chifukwa ntchitoyi siithera m'chipatala.

Sabata zoyamba mapewa ankachita kuyaka, ndipo nsima sinkapita. Ndinkatsuka makapu aja, kuwaphitsa, kuwaumika. Anzanga ku Wusakile ankandithawa pampopi, ati ndabwera ndi TB m'zovala. Koma ndinkaona zimene manja anga akuchita. Munthu wobwera akupuma ngati wathamangitsidwa ankayamba kugona tulo, fungo n'kuchepa, n'kuyamba kudandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Wodwala akayamba kunyoza chakudya tinkadziwa kuti wabwerera.

Mmodzi wa odwala amenewo anali Amake Monika. Dzina lawo linali Veronika, a ku Katete, ndipo ankakhala ku Chamboli, komboni ina ya mgodi. M'wodi monse munkamveka Chibemba, ndiye atamva kuti ndine wa kwawo kum'mawa anandigwira dzanja ngati mng'ono wawo. Chifuwa chinawayamba ali mwana chikuku chitapita m'mudzi mwawo, ndipo chinagwira mapapo onse awiri, makamaka lakumanzere. Ankagulitsa zitumbuwa pamsika, mpaka azimayi anzawo anafalitsa kuti ali ndi TB. Makasitomala anatha. Anabwera kwa ife thupi lili moto, ataonda mpaka ndolo zikuoneka zolemera.

Anali munthu wanthabwala. Ndikafika ndi thaulo ankati, "Wafika woimba ng'oma uja. Lero uimbe chimtali, Filo, dzulo unaimba nyimbo ya maliro." Ndinkaomba iwo akuseka, kuseka n'kubweretsa chifuwa, chifuwa n'kutulutsa zimene timafuna. Makhololo awo anapimidwa mobwerezabwereza, TB sinapezeke. Mwezi usanathe masaya anayamba kubwerera.

Amuna awo, a Banda, ndinkawadziwa kuyambira ndili wamng'ono. Anali m'gulu limodzi ndi Atate pansi pa mgodi, ndipo ankabwera kwathu Lamlungu kudzadya. Iwo ankapita sukulu ya madzulo. Ufulu utabwera, anali mwa anthu akuda oyamba kusankhidwa kukhala shifiti bosi, woyang'anira magulu a pansi pa mgodi, ntchito imene kale inali ya azungu okha. Tsiku limene zinamveka, amuna anawanyamula pamapewa, Atate ali patsogolo. Tonse tinkanyadira. Anapatsidwa nyumba kumayadi, ndipo anasamuka akazi awo ali m'chipatala.

Amake Monika nyumbayo anali asanaione, koma ankaidziwa chipinda ndi chipinda kuchokera kwa ana awo. "Akuti chitofu n'cha magetsi, Filo. Utsi wa malasha basi, ndatsanzikana nawo. Dokotala ankati utsi umandipweteka, nanga si ndachira pamenepa?" Ndinkavomera, chifukwa zinali zoona. Nyumba youma, yopanda utsi, yoyandikira chipatala, munthu wa matenda awa angafunenso chiyani?

Dokotala atanena kuti akhoza kutuluka, Misisi Grant anatumiza uthenga kuti a Banda abwere kudzaphunzira. Anabwera Lachisanu cha m'ma teni koloko, atavala suti yotuwa ndi tayi, nsapato zikuwala. Ine ndinali nditakonza zonse: mabuloko, thaulo, kapu yoyera. Amake Monika anali atamanga duku latsopano.

"Vulani jekete, Bambo Banda," Misisi Grant anatero. "Filomena akuonetsani. Si zovuta."

A Banda sanakhudze batani ngakhale limodzi. Anayankha m'Chingerezi chabwino kuti iwo ndi shifiti bosi, sanabwere kudzaphunzira ntchito ya odala. Kenako anatembenukira kwa akazi awo, n'kutsitsa mawu, n'kulankhula Chinyanja, poganiza kuti mzunguyo sakumva. Ine sanandiwerengere n'komwe.

"Amake Monika, ndakambirana ndi amalume anu. Mupita kumudzi mukapume. Thiranki lanu ndalongedza kale."

"Kumudzi? Nanga ana?"

"Ana ali pasukulu. Abwera munthu wowasamala."

"Atate ake Monika, nyumba ija ndisaione n'komwe?"

"Kuja kumabwera alendo. Mabwana amabwera kudzamwa tiyi ndi akazi awo. Mufuna muzilavulira m'kapu pamaso pawo? Makatani onse azinunkha?"

Amake Monika anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'malo mwa mawu panabwera chifuwa. Chinali chosiyana ndi cha masiku onse, chonyowa, chochokera pansi. Ndinathamangitsa kapu. Zimene zinatuluka sanali mafinya. Anali magazi ofiira kwambiri, a thovu, ndipo sanathere m'kapu. Anathira pashiti, padzanja langa, pansi.

Misisi Grant sanakuwe. "Agoneke kumanzere. Mutu pansi. Usaombe! Gwira mutu, pukuta m'kamwa." Anatuma nesi kukaitana dokotala. Tinawagoneka pambali yodwala kwambiri kuti magazi asalowe m'phapo linalo. Ndinagwada pansi, chipumi chawo chili m'dzanja langa, ndikuchotsa magazi oundana m'kamwa ndi nsalu kuti asatsamwe, ndikuwauza kuti apume pang'onopang'ono. Thupi lawo lonse linkanjenjemera. Maso awo sankayang'ana ine. Ankafunafuna amuna awo.

Ndinacheuka. A Banda anali atafika pawindo, phazi limodzi lili pampando wa alendo, akupukuta nsapato ndi mpango wa m'thumba. Atatha anauyang'ana mpangowo, n'kuuponya m'ndowa ya zinyalala.

"Mwaona?" anatero mokweza. "Ndi TB imeneyi. Ndinanena ine."

Dokotala anabwera, anawabaya jakisoni wowakhazika mtima pansi, ndipo pang'onopang'ono magazi anachepa mpaka kusiya. Dokotala anati mtsempha waung'ono unaphulika m'njira ina yoonongeka, zomwe zimachitika pamatendawa, ndipo agone osagwedezeka masiku angapo. Sindinganene kuti mawu a amuna awo ndiwo anaphulitsa mtsemphawo. Mwina ukanaphulikabe tsiku lina. Koma ndikudziwa zimene ndinaona pawindo.

Ndinatuluka ndi beseni la mashiti a magazi, ndipo pakhonde ndinakumana nawo akusuta fodya. Fodya, pakhomo pa wodi ya chifuwa! Ndinaika beseni pansi, pafupi ndi nsapato zija. Ndinaleredwa kuti munthu wamkulu umamugwadira, ndipo a Banda ndinali nditawagwadirapo kambiri ndi madzi osamba m'manja. Tsiku limenelo mawondo anakana.

"A Banda, makhololo awo apimidwa, mulibe TB, ndipo dokotala anakuuzani inu nomwe. Mukudziwa bwino lomwe. Munawakwatira akutsokomola. Anakubalirani ana akutsokomola. Ankakazinga zitumbuwa mu utsi akutsokomola, inu muli pa desiki kusukulu ya madzulo. Fungo mwayamba kulimva liti? Mutavala tayi?"

Ndinanena m'Chinyanja, kenako ndinabwereza m'Chibemba kuti aliyense amene anali pakhondepo amve. Odwala anasuzumira m'mawindo. A Banda sanakalipe. Anaponda ndudu yawo, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiwe mwana wa a Zulu, eti?" anafunsa modekha. "Atate ako ali m'gulu langa."

Dzuwa lisanalowe ndinali nditaitanidwa kwa matironi, mkulu wa manesi. Anati ndanyoza mkulu wa pamgodi pamaso pa anthu, ndipo ndiyamike kuti sanandichotse ntchito. Ananditumiza ku chipinda chotsukira zimbudzi za odwala mpaka mwezi kutha. Ndinayang'ana Misisi Grant, ndikuyembekeza kuti anenapo kanthu. Tili panja anandigwira paphewa.

"Wanena zoona, Filomena, koma si ntchito yako. Ndi nkhani ya m'banja."

Nkhani ya m'banja! Munthu yemweyu anandiphunzitsa kuti wodwala satuluka popanda womuombera kunyumba. Lamulo lakelo linasungunuka pamaso pa suti. Iye anali atapereka kale notisi yosiya ntchito, mabokosi ake ali pakhomo kudikira sitima, ndipo sankafuna mlandu ndi bwana wakuda m'dziko limene linali litangosintha eni ake. Ndinaphunzira zambiri kwa mayi ameneyu, koma izi sindinamukhululukire.

Chipatala nacho chinali ndi kayendetsedwe kake. Mkazi ankalandira thandizo pa nambala ya mgodi ya mwamuna wake. Mwamuna akanena kuti mkazi akupita kumudzi, bedi limaperekedwa kwa wina, nkhani yatha. Azimayi a kutchalitchi anabwera ndi makorona, anapemphera bwino, n'kuwauza Amake Monika kuti apirire, mwamuna akadzazolowera udindo adzawaitana. Palibe mmodzi yemwe anapita kukagogoda pakhomo la a Banda. Ankaopa chifukwa amuna awo onse anali pansi pa mgodi womwewo.

Mantha awo sanali achabe. Sabata yotsatira Atate anasamutsidwira kumalo otentha, odontha madzi, kumene ankatumizako anthu olakwa. Ankabwera kunyumba mapazi atayera mbuu, khungu likusendeka. Amama sanandilankhule masiku angapo. Atate anangondifunsa kamodzi tili pachakudya.

"Unawauza pamaso pa anthu?"

"Inde, Atate."

"M'Chibemba momwe?"

"Inde."

Anapitiriza kutafuna. "Basi, idya," anatero, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

Masiku otsala Amake Monika asananyamuke, ndinkazemba nthawi yopuma masana n'kupita pabedi lawo. Dokotala atalola kuti ayambenso kutulutsa makhololo, ndinawaphunzitsa zochita ali okha. Ndinayamba kunena za kukweza bedi, iwo n'kuseka.

"Filo, kwathu kuli bedi?"

Tinaganiza limodzi. Ndinati apeze chulu pafupi ndi nyumba, ayale mphasa pamtsetse pake, agone mutu pansi m'mawa uliwonse asanadye, akoke mpweya, atsokomole, azilavulira m'chitini n'kukwirira. Azimwa madzi ambiri kuti makhololo asalimbe. Asamakhale m'khitchini mwa utsi. Thupi likatentha, kapena makhololo akasintha mtundu, athamangire ku mishoni kukabayitsa jakisoni.

"Ku mishoni ndi ulendo wa tsiku lonse wapansi," anatero.

"Nanga wokuombani pamsana angakhale ndani?"

"Amayi anga akalamba, manja amanjenjemera. Azilongo anga ali ku migodi ya kum'mwera." Anandiyang'ana n'kumwetulira. "Usalire, iwe woimba ng'oma. Ndikakapeza bwino ndibwera."

Anapita pasitima mpaka ku Lusaka, kuchoka pamenepo pabasi, m'fumbi la msewu wa kum'mawa, munthu amene anali atangosiya kulavula magazi. A Banda sanawaperekeze. Anatuma msuweni.

Nyengo yozizira yotsatira uthenga unafika kuti Amake Monika amwalira. Anatentha thupi, ndipo pamene ankawanyamula pa machira kupita ku mishoni, anathera m'njira. Anaikidwa komweko, koma a Banda anakonza maliro kunyumba ya kumayadi kuti anthu a m'tauni adzapepese. Amama anandikakamiza kupita.

Kanali koyamba kuti ndilowe pageti la nyumba yotero. Azimayi tinakhala kuseri, pakapinga. Amene ankatigawira tiyi anali mayi wina woyererapo khungu, wa tsitsi lowongola, amene ana ankamutchula anti, ndipo ankadziwa pamene pakhala supuni iliyonse. Pafupi ndi pamene ndinakhala panali kanyumba ka wantchito, chitseko chili chotsegula. Munali bedi lachitsulo, windo, mpopi pakhomo. Munalibe munthu, munkangosungidwa matayala akale a galimoto. Ndinakayang'ana kanyumbako mpaka maso kuwawa. Pamenepo n'pafupi ndi chipatala, ndikanayenda wapansi kudzawaomba Amake Monika m'mawa uliwonse ndisanalowe ntchito. Ngakhale manyazi a amuna awo akanakhala aakulu bwanji, malo owasungira analipo.

Kenako a Banda anaimirira kuthokoza anthu. Analira misozi yeniyeni. Anati akazi awo anadwala matenda opanda mankhwala, madokotala anayesetsa, iwonso anayesetsa, koma Mulungu anakonda koposa. Anthu anavomera ndi kubuula. Amama anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Ndinaimirira, ndinasiya tiyi wanga pakapinga, n'kuyenda wapansi mpaka ku Wusakile.

Matenda opanda mankhwala! Ndagwira ntchito ya chifuwa moyo wanga wonse, ku Kitwe kenako ku Ndola, ndinapita kukachita kosi n'kukhala wophunzitsa ena. Ndaona anthu a mapapo oonongeka kuposa a Amake Monika akufika polera zidzukulu. Sanachire, ankatsokomolabe m'mawa uliwonse, koma anali ndi wina wowaombera, malo ouma ogona, ndi chipatala chofikika thupi likatentha. Masiku ano kuli katemera wa chikuku, kuli mapilisi amphamvu, kuli njira zopumira zimene munthu angachite yekha. Komabe wodwala amene akunyansidwa naye kwawo amabisa chifuwa, amameza makhololo pamaso pa alendo, amabwera kuchipatala mochedwa, ndipo amafa msanga.

Nditabwerera ku wodi ndinasintha kayambidwe ka ntchito yanga. Wodwala watsopano akafika, ndisanakhudze nthiti zake, ndimakhala pansi n'kumufunsa kuti, "Kunyumba kwanu, ndani amene sanyansidwa nanu?" Ophunzira anga ena ankati funsoli n'lamwano. Odwala ena amayankha msanga: mlongo wanga, apongozi, mwana wanga wamkulu. Ameneyo ndimamuitana tsiku lomwelo, osadikira tsiku lotuluka. Ena amayang'ana pansi osayankha. Zikatero ndinkadziwa kuti Loweruka ndili ndi ulendo, wa ku Chamboli kapena kumayadi a ku Garneton, kukagogoda pakhomo limene ena akuopa, nkhani isanafike polongedza thiranki. Ananditukwanapo, ananditulutsirapo agalu, matironi anandiitanapo kangapo. Sindinasiye.

A Banda anakwera maudindo, anapuma ntchito ndi ulemu, anakhala mkulu wa mpingo. Tinkakumana pakhomo la tchalitchi, iwo n'kuvula chipewa. "Muli bwanji, Mayi Zulu?" Zaka zonsezo sindinawayankhe ngakhale kamodzi. Wansembe wina anandidzudzula kuti Mkhristu sasunga mkwiyo. Ndinamuuza kuti ndikhululuka tsiku limene a Banda adzaimirire pamaso pa ana awo n'kunena chimene chinapha mayi awo. Anamwalira ali nkhalamba, asananene. Pamaliro awo ndinali pa ntchito.